Tabuleti ya ku Limbe ija: makomiki ndawerenga ndithu, koma inkadzidina yokha

Mnzanga wina wa ku ntchito wakhala akundivutitsa sabata yonseyi kuti aise tabuleti yako ija ili bwanji, ndikufuna ndikagule yanga kwa mkulu yemwe uja, komanso undiuze zoti ndiziwerenga. Ine ndimangoti ili bho koma, ili bho koma, mpaka dzulo anachita kundiuza kuti "koma" wakoyo umumalize. Nditangoigula kumene ndinalemba zoyamikira zokhazokha, ndiye poti chaka chatsala pang'ono kukwana ndati ndilembenso, amene mukufuna kugula mudziwiretu.

Kwa amene simunaone zoyamba zija: ndi tabuleti ya Android ya mainchesi 10, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndinaigula pa shopu ina ku Limbe, wogulitsayo ankati yachokera ku UK. Anayambira pa K260,000 tinanenerera mpaka K220,000, anandipatsa ndi tchaja ndi kava, kuseli kwa lisiti n'kulemba ndi bolopeni kuti waranti miyezi itatu. Chomwe ndinagulira si ntchito ayi, tisanamizane. Ndinkafuna kuwerengera makomiki, chifukwa pa foni maso anali atayamba kulira, timalemba tating'onoting'ono tija ndinkachita kukuza ndi zala tsamba lililonse.

Zabwino zake ndingodutsamo. Sikirini ndi yowala bwino, mitundu imaoneka mmene wojambula anafunira. Ili ndi polowetsa simu ndiye sindidalira wifi. Memore khadi imalowa. Sipika ndi ya ziii koma sindinagulire nyimbo. Kamera musaiwerengere n'komwe. Kulemera kwake ndi kwabwino, umatha kuwerenga chogona osatopa mkono, kungoti ukayamba kusinza imakugwera kumaso.

Tsopano zowerenga, poti ndi zomwe ambiri mumafunsa.

Ife tinakulira Chatsalira wa mu Moni, magazini imodzi imazungulira nyumba zonse za mzere wathu mpaka chikuto kuthothoka, ndiye nditamva kuti pa intaneti pali makomiki aulere oti sungawamalize ngakhale utasiya ntchito ndinkaona ngati akukokomeza. Ndinayambira pa Webtoon, apu ya kampani ya ku South Korea yotchedwa Naver, kwawoko inayamba 2004 koma ya Chingerezi inabwera 2014. Makomiki ake alibe masamba, umangokokera m'mwamba ndi chala nkhani n'kumatsika, ndipo ojambula ake amadziwa kusewera nazo, amatha kusiya mpata wakuda wautali ukukoka ukukoka osaona kanthu mtima uli m'mwamba kenako nkhope ya munthu n'kutulukira. Pa pepala zimenezo sizingatheke.

Yomwe inandigwira kwambiri ndi Tower of God ya wojambula wodzitcha SIU, inayamba 2010. Mnyamata wina dzina lake Bam walowa mu nsanja kutsatira mtsikana, Rachel, ndipo kuti ukwere chipinda chilichonse pamakhala mayeso. Magawo oyambirira zojambula zake ndi zosalongosoka kwenikweni, ambiri amathawira pomwepo, koma pirirani, mkuluyu dzanja lake linakhwima nkhani ili mkati ndipo umachita kuona kusinthako. Chimene ndimaikondera si ndewu zake ayi koma mayesowo, nthawi zambiri wamphamvu si amene amapambana, amapambana ndi amene wamvetsa lamulo la masewerowo kapena wapeza wogwirizana naye. Ndi yaitali zedi ndipo mwini wake amapumira kawirikawiri chifukwa cha thanzi, ndiye musaithamangire.

Lore Olympus ya Rachel Smythe wa ku New Zealand ndinaiyamba chifukwa cha mayi a kunyumba, iwo ndi amene anaipeza. Ndi nthano ya Agiriki ya Hades ndi Persephone koma milunguyo ili ndi mafoni ndi maofesi. Inayamba 2018 n'kutha 2024, inapatako mphoto yaikulu ya makomiki yotchedwa Eisner zaka zitatu zotsatizana. Mitundu yake, buluu ndi pinki, pa tabuleti imakongola koopsa. Ine pakati pake inanditopetsa, anthu amangokambirana za mumtima mwawo gawo lonse, koma madamu anaimaliza ndipo amati ine ndilibe chisoni. Chenjezo lokha, si ya ana, muli nkhani ya kugwiriridwa ndipo sanaizembe.

Vuto la ma webtoon kwa ife ndi bandulo. Zithunzi zamitundu zazitali chonchija zimadya data mosaona nkhope. Chomwe ndimachita n'kudawuniloda magawo ambiri ndikapeza wifi, amakhala mu apu masiku 30, ndiye kunyumba ndimawerenga data ili yothimitsa. Za makoini ogulira magawo omwe sanatulukire aliyense ndinazisiya. Amagulitsa pa dola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 kanthu kalikonse ka pa dola ukakawerengera m'makwacha umangoti ayi ndidikira sabata yamawa, gawolo lidzakhala laulere basi. Kudikira sikunaphe munthu.

Kwa amene bandulo ndi yovuta, Manga Plus ndiye yanu. Ndi ya Shueisha, kampani ya ku Japan yomwe imasindikiza One Piece, anaitsegula mu Januwale 2019. Zojambula ndi zakuda ndi zoyera ndiye sizilemera. Magawo atatu oyambirira ndi atatu omalizira a nkhani yomwe ikupitirira ndi aulere, ubwereze mmene ungafunire, pomwe apakatiwo mu apu amakulola kuwerenga kamodzi kokha. Mfundo ya kamodziyi muisunge, ndibwererako. Gawo latsopano la One Piece limatuluka 12 koloko usiku ku Japan, kuno imakhala 5 koloko madzulo Lamulungu poti iwo ali patsogolo ndi maola 7, ndiye sabata yomwe Oda, wojambula wake, sanapume ine ikamakwana 5 ndimakhala nditakhala kale pakhonde tiyi ali pambali. Eiichiro Oda anayamba nkhaniyi 1997, magawo anadutsa 1,100, ndiye ngati simunayambe ganizani kaye kawiri. Yosavuta kuyamba ndi Spy x Family ya Tatsuya Endo: bambo ndi kazitape, mayi ndi wakupha anthu mwa ganyu, aliyense akubisira mnzake, koma kamwana komwe anakatenga kumalo osungira ana amasiye kamamva maganizo a anthu ndiye kakudziwa zonse. Ndimaseka ndekha mpaka a neba kufunsa. Kumbukirani kuti manga, makomiki a ku Japan amenewa, amawerenga kuyambira kumanja kupita kumanzere, masiku oyamba mutu umazungulira kenako umazolowera.

Pali ina yomwe sindinkayembekezera kuti ingakhale ya banja lonse, Pepper&Carrot ya David Revoy wa ku France, inayamba 2014. Ilibe apu ilibe zotsatsa, umangopita pa tsamba lake n'kuwerenga kapena kudawuniloda, ndipo mwini wake analoleza aliyense kuimasulira ndi kuisindikiza bola kumutchula. Amajambula ndi Krita, pulogalamu yaulere. Ndi ya kamtsikana kophunzira zamatsenga ndi mphaka wake wofiirira. Apongozi anga aakazi atabwera kudzacheza anasuzumira n'kuona kamtsikana kali ndi mphika ndi mphaka, anangoti "Bambo, zimenezi mukuonetsa mwana?" Ndinachita kufotokoza kuti amayi izi ndi nthano chabe, iwo anangoti "Chabwino, nyumba ndi yanu," mukudziwa chabwino wa apongozi. Koma tsiku lotsatira ndinawapeza atakhala ndi mdzukulu wawo pamkeka akuseka mphaka uja atagwera mu mankhwala. Mwanayo Chingerezi sanachigwire bwino ndiye ndimamuwerengera ndikumasulira pompo, ndipo mawu ena a mphakayo ndimangopeka poti iye salankhula.

Xkcd ya Randall Munroe, amene anagwirapo ntchito ku NASA, ndi tianthu ta timitengo basi, imatuluka Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu kuyambira cha mu 2005. Data yake ndi yosawerengeka, ngakhale netiweki ikukwawa imatseguka. Nthabwala zake ndi za masamu, sayansi ndi makompyuta, theka lake sindimva, koma yomwe wamva umaikumbukira mwezi wonse. Stand Still. Stay Silent ya Minna Sundberg wa ku Finland ndi imene inandionetsa ubwino wa sikirini yaikulu, masamba ake ndi odzadza ndi tinthu tambirimbiri, pa foni mungoononga. Imayamba ndi mliri womwe ukufalikira anthu akuuchepetsa, maboma akutseka malire, kenako nkhani ilumpha zaka 90. Anayamba kujambula 2013 koma ukamawerenga utadutsa mu Covid thupi limachita tsembwe. Za kuno ku Africa ndayesako za Comic Republic ya ku Nigeria, yomwe Jide Martin anayambitsa 2013, ngwazi yawo yotchuka ndi Guardian Prime. Za anthu ouluka atavala zothina ine sizindikoka kwenikweni kaya ajambule ndani, koma mphwanga amazikonda, amati bola awa akufanana ndi ife.

Tsopano "koma" uja.

Mwezi wachiwiri uli mkati tabuleti inayamba kudzidina yokha. Poyamba zinkachitika ikakhala pa tchaja pokha. Ukuwerenga bwinobwino, chala sunaikepo, ukungoona tsamba layamba kutsika lokha, pang'ono pang'ono kaye kenako liwiro ngati njinga ya kabaza yaduka mabuleki pamtsetse. Ndipo poti kwathu kuno magetsi akabwera ndi nthawi yomweyo yotchaja chilichonse m'nyumba, nthawi yowerenga ndi nthawi yotchaja imakhala imodzimodzi. Usiku wina ndili kumapeto kwa sizoni yoyamba ya Tower of God, pamene aliyense amene anawerenga akudziwa kuti pali chinthu, sikirini inathamanga kudutsa gawo lonse mpaka pansi pomwe owerenga amalembapo maganizo awo, ndipo mawu oyamba omwe maso anga anagwerapo anali a munthu wina akutukwana amene anachita chinthucho, dzina lake n'kulitchula. Magawo onse aja ndinawerenga kudikira pamenepo. Sindinena kuti ndi ndani, koma ndinazimitsa n'kukagona ndili ndi mkwiyo ngati wandibera munthu.

Ku Manga Plus ndiye kunali kowawa kwambiri chifukwa cha lamulo la kamodzi lija. Ndaisiya pa tebulo ili pa mndandanda wa magawo a One Piece, ndapita kukatunga madzi osamba, pobwera ndapeza yatsegula gawo, yatuluka, yatsegula lina, yatulukanso. Apu siidziwa kuti wadina ndi munthu kapena ndi mzukwa, imangowerengera kuti wawerenga. Magawo angapo apakati pa nkhani anatsekeka choncho ndisanaone ndi chithunzi chimodzi chomwe, ndipo kuti ndiwatsegulenso ndiye kulipira pamwezi, pa dola. Tsiku lina inalowa pa WhatsApp n'kutumiza zilembo zopanda mutu ku gulu la kumpingo, mwamwayi zinali zilembo chabe, abusa anangoyankha kuti "Amen achimwene."

Ndinabwerera nayo ku Limbe waranti isanathe. Mkulu uja anandilandira bwino, "Aaa bigi, mwatisowa," anaiyatsa, ndipo mukudziwa mmene zinthuzi zimachitira, pamaso pa mwini shopu inakhala phee ngati sinalakwepo. Ndinamuuza kuti tayiikani pa tchaja. Anaika pa tchaja yake ya pa shopu, osadzidina. Anati ndiye vuto ndi tchaja yanu bigi. Ndinati tchaja yanga ndi yomwe munandipatsa inu. Anaseka n'kundisinthira ina, ndipo kunena zoona apa sananame kwenikweni: sikirini zamtunduwu zimamva chala kudzera mu mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi, ndiye tchaja yachabechabe yomwe magetsi ake ndi osakhazikika imaisokoneza n'kumaona ngati pali chala pomwe palibe. Ndi tchaja yatsopanoyo zinachepa ndithu, ndinabwerera kunyumba ndikumuyamikira mumtima kuti koma mkuluyu ndi wachilungamo.

Patangopita masabata ochepa zinayambiranso, ulendo uno ngakhale isali pa tchaja, makamaka mbali ya kumanzere chakumunsi, ndipo kukatentha masana ndiye zimanyanya. Ndinaona kuti kava yayamba kuvuta kutseka, ndikaigoneka pa tebulo n'kuyang'ana cham'mbali galasi linali litatukuka pang'ono, mpata woti chikhadabo n'kulowa. Ndinamuimbira. Anati bweretsani Loweruka. Loweruka ndinapeza mnyamata wake, akuti abwana apita ku Joni kukatenga katundu. Atabwera anati waranti inatha sabata yatha bigi. Ndinamuonetsa mauthenga oti ndinadandaula isanathe, ndipo apa ndi pomwe anatulutsa mfundo yomwe sinalembedwe paliponse, akuti waranti yathu ndi ya softiweya, zagalasi ndi batire ndi kasungidwe ka kasitomala. Ndinamufunsa kuti achimwene, pa lisitipa mwalemba kuti softiweya pati? Anangoti "Bigi, tonse tikufuna kudya," n'kuyamba kulankhula ndi kasitomala wina.

Masiku amenewo mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti musayerekeze n'komwe, ndi zinyalala. Ndinaiponya mu kabati n'kubwerera pa foni, ndipo ndinadabwa kuti pa foni sindinkawerenganso, ndimangoyendayenda pa Facebook mpaka tulo. Mwana naye madzulo aliwonse "adadi mphaka uja." Zinandionetsa kuti kachipangizoka kanali katasintha madzulo athu, poti magetsi akazima m'malo moti aliyense akhale pa kona yake timaunjikana pa sikirini imodzi, ndipo ine amene ndinasiya kuwerenga mabuku nditangomaliza sukulu ndinali nditayambiranso kudikira nkhani ngati mmene tinkadikirira sewero la pa wailesi.

Ndiye ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni mumsika, wa kabenchi kamodzi ndi galasi lokuzira zinthu. Anaitenthetsa m'mbali ndi kamakina kake kotulutsa mpweya wotentha, n'kulowetsa kapulasitiki kopyapyala, galasi linanyamuka mosavuta moti anangoti "Iyi inatsegulidwapo kale madala." Mkati batire linali litafufuma, pakati pali potukuka, ndiye linkakankha sikirini kuchokera kumbuyo, n'chifukwa chake kukatentha zinkanyanya. Anandionetsanso guluu wakuda wopakidwa mosasamala m'mbali monse ndi kachingwe ka tachi komwe sikanali kake, kusonyeza kuti galasi linasinthidwapo ndi lotchipa isanafike kwa ine. Anandiuza kuti batire lofufuma si loseweretsa, likabooka limatha kuyaka, ndipo ndisamaisiye pa tchaja usiku wonse pansi pa pilo. Ndinaganiza za mwana uja amene ankagona nayo pamimba, ndinangoti zikomo. Batire lina ndi ntchito yake zonse K48,000, ndinadikira sabata ndi kanthu kuti batirelo lipezeke.

Chiikireni batire latsopano kudzidina kuja kunatha, kupatula ndikaika pa tchaja ya ena yosadziwika bwino, pamenepo imayambako pang'ono ndiye ndimangochotsa. Mbali ya kumanzere ija nthawi zina umafunika kudina kawiri, mnyamata uja anati ndi tachi yotchipayo, kuti ithe ndiye kusintha galasi lonse, ndinati ayi zikhale choncho. Batire latsopanoli limandifikitsa madzulo awiri kapena atatu ndikuwerenga zodawuniloda kale, kuposa mmene loyamba lija linkachitira ngakhale tsiku lomwe ndinagula.

Ndiye funso loti ndi yabwino kapena ayi limatengera tsiku lomwe mwandipeza. Lamulungu 5 koloko ndili pakhonde ndi One Piece ndikuuzani kuti ndalama imeneyi sindinataye. Ndikakumbuka kuti 220 kuphatikiza 48 ndi K268,000, kuposa mtengo womwe mkulu uja anayambira tisananenerere, pamwamba pake thiransipoti ya ku Limbe, mtima umawawa. Makomikiwo pawokha sindinalipirepo ngakhale tambala kupatula bandulo, ndipo alipo okwanira zaka. Chodula ndi chipangizocho ndi anthu ogulitsawo.

Kwa iwe aise ndi ena ofuna kugula yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya kwa mkulu ameneyu kaya kwina: igoneke pa tebulo uyang'ane cham'mbali ngati galasi latukuka, chotsa kava uone m'mbali ngati muli guluu, iike pa tchaja yomwe akupatseyo osati ya pa shopu, tsegula tsamba lalitali uisiye osaigwira kwa mphindi zingapo uone ngati iyenda yokha. Waranti alembe kuti ikukhudza batire ndi sikirini, asaine. Akakana, mtengo utsike ndi ndalama ya batire, chifukwa udzaligula ndithu. Pa K170,000 ndikanati tenga osaganiza kawiri, pa mtengo womwe ndinapereka ine ayi.

Batire lofufuma lija ndinalitenga mu jumbo n'kukaliika pa kauntala ya mkulu wa ku Limbe uja makasitomala ena akuona. Apa ndiye anasintha mawu, "Bigi tisachite zokuwa, tikambirane," ndipo tinagwirizana kuti andibwezera theka la ndalama yokonzetsera, K24,000. Anatumiza K10,000 pa Airtel Money tsiku lomwelo. Yotsalayo akuti kumapeto kwa mwezi, ndipo mwezi umenewo unatha kalekale, mauthenga anga amawerenga koma sayankha, ngakhale pa sitetasi akuika matabuleti atsopano tsiku lililonse atalemba kuti waranti miyezi itatu. Loweruka likubwerali ndili ndi ulendo wa ku Limbe kukagula yunifolomu ya mwana, ndidutsirako ndi lisiti langa.